Funsani Amisiri: Katiriji Yadzazidwa, Bolodi Yayamba Kudyeka

Makalata a mwezi uno adzaza ndi nkhani ya mabolodi a zipangizo zamagetsi opangira pakhomo, aja timasindikiza timisewu ta magetsi pa pepala, n'kusita pepalalo pa kopa, kenako n'kumiza bolodi m'mankhwala kuti kopa wosafunika adyeke. Ndatolapo anayi. Pa kalata yoyambayi ndikhalitsapo, chifukwa muzu wa enawo uli momwemo.

FUNSO: Zikomo amisiri. Ndimakonza mawailesi ndi maamplifaya. Kwa chaka chathunthu ndakhala ndikupanga mabolodi anga ndi printa ya leza ndi simbi, ndipo ankatuluka bwino. Mwezi watha tona anatha, ndinakadzazitsa katiriji m'tauni. Chidzazitsireni, pa pepala pamatuluka pakuda bii monga kale, koma ndikasita tona wina amatsalira pa pepala, wina akamata pa kopa amasendeka m'madzi, ndipo bolodi ikatuluka m'mankhwala timisewu timakhala ndi tibowo ngati chimanga cholowa anankafumbwe. Simbi ndi yomweyo, pepala ndi lomwelo, mankhwala ndi omwewo. Ndalakwitsa pati? Wokonza mawailesi, Ndirande.

YANKHO: Achimwene, manja anu sanalakwe. Chasintha ndi ufa umene anakuthiriraniwo, ndipo maso sangakuuzeni zimenezi, chifukwa tona aliyense akafika pa pepala amangooneka wakuda.

Tona si inki. Ndi ufa wouma wa pulasitiki, timbewu take tating'ono zedi, ma micron 5 mpaka 10 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), pamene kopa wa pa bolodi wamba amachindikala ma micron 35. Printa imayala ufawo pa pepala ndi mphamvu ya chaji, pepala n'kudutsa pa chogudubuza chotentha madigiri oyandikira 200, ufa n'kusungunuka n'kumata. Ife tikamasita timangobwereza ntchito ya chogudubuzacho: timasungunulanso pulasitiki yemweyo kuti asiye pepala, agwire kopa.

M'ufamo chachikulu ndi utomoni wa pulasitiki, ndipo opanga amadalira makamaka mitundu iwiri, styrene-acrylic ndi polyester. Muli chodetsa, chomwe chimakhala mwaye wa m'fakitale wotchedwa carbon black, kapena magnetite, dzimbiri lakuda lija logwira maginito. Muli phula loti tona asakakamire ku chogudubuza. Mulinso silica pang'ono kuti ufa uziyenderera osaumbika mibulu, ndi timankhwala tothandiza ufawo kusunga chaji. Pa zonsezi, chimene chimaima pakati pa mankhwala anu ndi kopa ndi utomoni wokha. Kudako kumangothandiza maso.

Wopanga ufa wodzazira cholinga chake ndi chimodzi: kalata ya mu ofesi ituluke yakuda, isafufutike ndi chala. Za kopa ndi simbi sanaziganizeko, ndipo palibe chomudandaulira. Akhoza kuika utomoni wochedwa kusungunuka, akhoza kuchulutsa phula, akhoza kuchulutsa chodetsa kuti ufa wochepa uzidetsa tsamba lonse. Pa kalata simungaone kusiyana. Pa bolodi zonse zimabwera poyera.

Tona wotsalira pa pepala uja sanasungunuke mokwanira. Utomoni watsopanowu ukufuna moto woposa umene munazolowera, kapena nthawi yotalikirapo. Wosendeka m'madziyo ine ndimakayikira phula. Pepala likamadutsa pa chogudubuza, phula limakwera pamwamba pa tona, poti ntchito yake ili pamenepo. Tsono taganizani, mukatembenuza pepala kuligoneka pa bolodi, nkhope imene ikukhudza kopa ndi yapamwamba yomweyo, yaphulayo. Phula likachuluka, kopanso akakhala ndi timafuta ta zala, zimakhala ngati kumata chigamba pa chubu chimene simunachipale. Tibowo tija ndiye timabwera chifukwa cha kupyapyala. Timbewu ta ufa sitinalumikizane tonse, patsala timipata, ndipo mankhwala saphonya mpata. Musanayatse n'komwe simbi, kwezani pepala kudzuwa muyang'ane malo odetsedwa kwambiri. Mukaona kuwala kukudontha ngati pa denga la malata akale, bolodi idzatulukanso choncho.

Inenso zinandigwera. Ndinalonjeza mabolodi 6 a chaja kwa bambo wina wotchajitsa mafoni kumudzi kwawo, ndipo onse 6 anatuluka odyeka. Ndinakayikira simbi, n'kugula ina. Ndinakayikira mankhwala, n'kusakaniza atsopano. Sabata yathunthu inapita, pamodzi ndi bolodi ya kopa imene ndinaipeza movutikira. Chinandiwawa kwambiri n'choti bambowo anapalasa njinga kawiri kudzatenga katundu wawo, kawiri konse n'kubwerera chimanjamanja. Tsiku limene ndinakumbukira kuti katiriji inadzazidwa ndi munthu wina, osati amene ndinamuzolowera, ndi tsiku limene ndinayamba kusunga kope la tona. Mpaka lero lili pa benchi panga.

Yambani ndi kudziwa ufa umene muli nawo. Gogodani katiriji pa pepala kuti kaufa kagwe pang'ono, muyandikize maginito a sipika atakulungidwa m'kajumbo. Ufa ukadumphira ku maginito, ndi wa magnetite. Makatiriji akuda a HP amene adzaza m'maofesi athuwa, monga 12A ndi 85A, amayendera tona wotere, ndipo mu tona wa mtunduwu chitsulocho chimatha kuyandikira theka la kulemera kwa ufa wonse. Ndiye kuti utomoni ndi wocheperapo. Monga ndaonera pa benchi panga, tona wotere safalikira msanga akasungunuka, choncho timisewu timatuluka towongoka m'mbali, koma amafuna moto wokwanira ndi dzanja lolemera kuti tibowo titsekeke. Ufa wosagwira maginito umasungunuka mofewa, umatseka tibowo mosavuta, koma mukakanikiza kwambiri umaphwatalala.

Mukatero jambulani kachithunzi koyesera: mizere ya milimita 1, ya 0.5 ndi ya 0.3, timabwalo tingapo tokhala ndi kabowo pakati monga ta miyendo ya IC (kachipangizo kakuda ka miyendo yambiri kaja), ndi kabokosi kakuda kofanana ndi chikhadabo. Sindikizani kangapo, mutenge zidutswa za bolodi zotsalatsala, muyese chimodzichimodzi. Madontho a pa simbi aja ali ndi tanthauzo: limodzi ndi madigiri pafupifupi 110, awiri 150, atatu 200. Chidutswa choyamba sitani pa madontho awiri kwa mphindi 3, chachiwiri pakati pa awiri ndi atatu, chachitatu pa atatu. Pamene tona watsalira pa pepala, moto wachepa. Pamene mizere ya 0.3 yanenepa mpaka kukhudzana, timabowo ta pakati tatsekeka, moto kapena mphamvu zapyola. Pakati pa ziwirizi ndi pamene pali malo a tona wanuyo. Kwa tona wina malowo ndi otakasuka, kwa wina ndi opapatiza ngati mlatho wa mtengo umodzi. Mukawapeza lembani m'kope: ufa wa botolo lakuti, dontho lakuti, mphindi zakuti.

Zina ndi zazing'ono koma musazipeputse. Sitirani pa thabwa, osati pa simenti kapena pa chitsulo, chifukwa kopa amathawitsa kutentha msanga ndipo pansi pozizira pamamwa moto wonse. Kwechani kopa ndi sitiliwulo wotsukira mapoto mpaka awale, mutsuke ndi sopo, mupukute ndi spiriti, ndipo kuchokera pamenepo bolodi muziigwira m'mbali mokha. Pa kompyuta zimitsani EconoMode ndi chilichonse chosunga tona, kwezani density, kutanthauza kuda kwa zosindikiza, mpaka pamapeto, musankhe pepala lochindikala. Ngati mumajambulira pa KiCad, pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira mabolodi, malo aakulu a giraundi, aja a kopa wotakata wozungulira timisewu, musawadetse onse, aikeni ngati ukonde, chifukwa printa ya leza imapyapyalitsa tona pakati pa malo aakulu akuda. Pepala likachoka, bolodi ikauma, igonekeni chagada pa simbi yotembenuza, kopa ali m'mwamba, mpaka tona ayambe kunyezimira ngati wanyowa, muichotse msanga. Pamenepo timbewu tija timalumikizana ndipo tibowo tambiri timatsekeka. Totsala dzazani ndi cholembera cha inki yosafufutika kapena ndi kyutekisi.

Sindikunena kuti kudzazitsa n'koipa. Katiriji yatsopano ndi yodula, ndipo ndaonapo ufa wodzazira umene umamata pa kopa bwino kuposa wobwera ndi printa. Vuto ndi kusinthasintha. Mukapeza ufa wogwirizana nanu, funsani wodzazayo akuonetseni botolo, mulembe dzina lake, ndipo m'thumba mukakhala kangachepe gulani botolo lathunthu, azikuthirirani la inu mwini.

FUNSO: Ndine mtsikana wophunzira zamagetsi pa koleji ya ntchito zamanja. Kunyumba kuli printa ya inkjet yokha. Ndinayesa kusita zimene inasindikiza, pa kopa sipanatsale kanthu. Kodi fotokope ingathandize? Nanga pepala labwino ndi liti? Wophunzira, Mzuzu.

YANKHO: Achemwali, inkjet musavutike nayonso. Inki yake ndi yamadzi, imalowerera m'pepala ngati utoto m'nsalu, ndipo ilibe utomoni woti usungunuke n'kusamuka. Koma musaitaye. Sindikizani chithunzi chanu pa iyo, chakuda bwino, mupite nacho kwa a fotokope. Makina a fotokope ndi printa ya leza ndi pachibale. Onse amayendera njira imene Chester Carlson anaipeza ku New York mu 1938, ndipo onse amagwiritsa ntchito tona. Ndipotu makina ambiri akuluakulu a fotokope tona wake sakhala ndi magnetite, chitsulo chimakhala padera m'timikanda tonyamula ufa timene timatsalira m'makinamo, choncho chofika pa pepala chimakhala chautomoni wambiri. Mabolodi ena abwino kwambiri amene ndinapangapo anachokera pa fotokope.

Samalani ziwiri. Chithunzi cha timisewu ta pamwamba pa bolodi chisindikizidwe chotembenuza ngati cha pagalasi. Njira yosavuta yodzitetezera ndi kulembapo dzina lanu pakona, ndipo pa pepala lizioneka lotembenuka kuti pa kopa lidzawerengeke. Chachiwiri, auzeni aike pa 100 peresenti, asakulitse kapena kuchepetsa. Musanalipire, gonekani IC pa pepalapo. Miyendo yake imatalikirana milimita 2.54, ndipo ikapanda kugwera pa timabwalo tonse, abwerezenso.

Za pepala: la A4 wamba ndi la ulusi, tona akasungunuka amalowerera mu ulusiwo n'kukana kutuluka. Mukufuna pepala losalala lonyezimira, lopakidwa dongo loyera pamwamba, lija la magazini ndi makatalogi. Tona amakhala pamwamba pa dongolo, ndipo mukaviika m'madzi kwa mphindi 10 kapena 15 pepala limafewa n'kumachoka ndi chala chachikulu. Zolembedwa kale pa tsambalo zisakudetseni nkhawa, inki ya kosindikizira mabuku siisamuka ndi simbi. Ngakhale tsamba la magazini inoyi, mukatha kuwerenga, ligwira ntchito; sankhani lopanda zithunzi zambiri kuti muziona bwino timisewu. Pepala loterera la kumbuyo kwa masitika nalonso ndi labwino, limasiya tona yense osaliviika n'komwe, kungoti tona amakhalapo mosakhazikika, musalipinde. Pepala la zithunzi la inkjet lokhala ndi pulasitiki musalowetse m'makina a eni ake, likhoza kusungunukira pa chogudubuza. Ndipo a fotokope akakana pepala lopyapyala poopa kuti likodwa, ali ndi chifukwa. Dulani kachidutswa, mukamate pa A4 wamba ndi tepi ya pepala kumutu kokha. Selotepi ayi, imasungunuka.

Limbikirani, achemwali. Bolodi yoyamba ikatuluka bwino mudzandilembere.

FUNSO: Kwathu kuno kulibe magetsi, ndimagwira ntchito ndi sola. Kodi simbi ya makala ingathe? Ndinamvanso zoti ena amasamutsa tona popanda moto. Ndi zoona? Bambo wokonza matochi ndi mawailesi, Mchinji.

YANKHO: Bambo, simbi ya makala imatha, ndipo kulemera kwake ndi mwayi. Chovuta n'choti ilibe madontho. Ine ndimaiyesa pa pepala loyera la A4: ikalifiiritsa mwamsanga yapsa kwambiri, idikireni izizireko; ikalisiya loyera koma dontho la madzi likuthetheka n'kuuma nthawi yomweyo, yafika. Yalani pepala lina pakati pa simbi ndi chithunzi kuti phulusa lisagwerepo.

Za kusamutsa popanda moto ndi zoona. M'malo mosungunula utomoni ndi kutentha, mumaufewetsa ndi acetone, mankhwala amadzi osungunula pulasitiki, wosakanizidwa ndi spiriti. Mumathira pang'ono pa kopa, kugonekapo pepala, kudikira timasekondi kuti tona afewe, kukanikiza ndi nsalu, n'kusiya kuti ziume musanaviike m'madzi. Apa mpamene mtundu wa tona umalamulira kotheratu, chifukwa utomoni uliwonse uli ndi muyeso wake. Yambani ndi gawo 1 la acetone pa magawo 3 a spiriti, mudontheze pa pepala lotayika lokhala ndi tona yemweyo. Tona akachita nembenembe osayenderera, muyeso ndi umenewo. Akayenderera onjezani spiriti, akapanda kusintha onjezani acetone. Mankhwala ochotsera kyutekisi ena ali ndi acetone, ena alibe, ndipo ambiri amaikamo mafuta ofewetsa zala amene amalepheretsa tona kumata, choncho werengani pa botolo. Ndikupempheni chimodzi: tsiku la acetone mbaula ndi simbi ya makala zikhale kutali, chifukwa mpweya wake umayaka ngakhale moto uli patali ndithu.

FUNSO: Ferric chloride, mankhwala odya kopa aja, kuno akusowa. Mnzanga akuti ndigwiritse ntchito asidi wa batire ya galimoto, wina akuti asidi wa m'maiwe osambiramo wosakaniza ndi peroxide. Uti amene sawononga tona? Wowerenga, Chipata.

YANKHO: Achimwene a ku Chipata, wa batireyo musiyeni. Ndi sulphuric wosungunulidwa m'madzi, ndipo payekha sadya kopa. Mudzangodikira tsiku lonse, malaya n'kubooka. Wochokera m'batire yakale amakhalanso ndi mtovu, womwe ndi poizoni.

Mnzanu wachiwiriyo akunena zoona. Asidi wa m'maiwe nthawi zambiri amakhala hydrochloric, ndipo mukamusakaniza ndi hydrogen peroxide wa 3 peresenti wa ku famase, magawo 2 a peroxide pa gawo 1 la asidi, amadya kopa m'mphindi zochepa, madzi n'kusanduka obiriwira. Thirani asidi mu peroxide, osati peroxide mu asidi. Chitirani panja, mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu, mutavala magolovesi ndi magalasi oteteza maso, m'mbale ya pulasitiki kapena ya galasi. Zotsala musazitsekere m'botolo mothina, zimatulutsa mpweya. Ndipo acetone asayandikire n'komwe mankhwala amenewa, kusakanikirana kwake ndi ngozi yoopsa.

Utomoni wa tona weniweniwo sudyeka ndi ferric chloride kapena ndi asidi ameneyu. Chimene chimasiyana ndi ukali. Ferric chloride amadya mwakachetechete, ndipo tona womata mwapakatikati amapulumuka. Asidi ndi peroxide akakhala amphamvu amachita thovu n'kutentha, ndipo thovulo limalowa pansi pa tona pamene sanamate bwino n'kumutukula. Komanso hydrochloric wamphamvu amasungunula magnetite, choncho ngati tona wanu anadumphira ku maginito, musapyole muyeso ndanenawu pofuna kufulumira, ndipo musalumphe kuotcha kwachiwiri kuja kotseka tibowo.

Mukadzampeza ferric chloride, mdani wanu ndi nthawi. Akazizira, monga m'mawa wa mu June, bolodi imatha kukhalamo nthawi yaitali, ndipo mphindi iliyonse yowonjezera mankhwala amalowa m'tibowo n'kumadyanso timisewu cham'mbali, pansi pa tona. Khazikani mbale ya mankhwala m'beseni la madzi ofunda, madigiri 40 mpaka 45, muzigwedeza pang'onopang'ono, ndipo m'mphindi 10 mpaka 20 ntchito yatha. Musatenthetse kupyola apo. Utomoni wa tona umayamba kufewa cha m'madigiri 55 mpaka 65, ndipo ukafewera m'mankhwala umasiya kopa. Kopa womaliza akangochoka, vuulani bolodi, mutsuke ndi madzi ambiri, mupite nayo kutali ndi mbale ija, mufufute tona ndi thina kapena acetone, kenako mupime msewu uliwonse ndi mita musanaboole.

Madzi otsalawo ali ndi kopa wosungunuka, ndipo amapha nsomba ndi mbewu. Musawathire m'ngalande, kudimba kapena pafupi ndi chitsime. Ferric chloride amagwira ntchito kangapo, msungeni m'botolo la pulasitiki lolembedwa bwino, pamalo oti ana sangafike, ndipo lisakhale botolo la chakumwa. Akatheratu mphamvu, thiranimo laimu wopakira nyumba pang'onopang'ono mukutakasa ndi kamtengo, mpaka pansi padikhe matope ndipo madzi a pamwamba ayere. Siyani chidebecho padzuwa pomwe nkhuku ndi mbuzi sizifika, madzi aume, matope oumawo muwatsekere m'chigubu.